Mmene mungawerengerere zipangizo ndi ndalama zomatira ming'alu pabwalo la simenti kapena la phula

Mng'alu wa pakhonde, pabwalo kapena panjira yolowera galimoto sudya ndalama zambiri ukamatidwa m'chilimwe. Umadzadula mvula ikaupeza uli yasa: madzi amalowa, amafewetsa dothi limene lanyamula simentiyo, ndipo pofika mu Febuluwale pamene panali kamzere pamakhala patatitimira. Choncho ntchitoyi imakoma mu Ogasiti ndi Sepitembala, pansi patauma bwino, dzuwa loswa mtengo la mu Okutobala lisanafike.

Chimene chimatipweteka ambiri n'kugula tisanayeze. Mmisiri amangoponya maso pabwalo n'kunena kuti, "Matumba asanu akwana, bwana." Mwina akwanadi, atatu n'kutsala n'kuumira m'nyumba. Mwinanso vutolo silofuna simenti n'komwe. Kudziwerengera nokha sikulira sukulu yapatali. Mukhale ndi tepi yoyezera, chingwe, choko, kope ndi foni yochitira masamu, basi.

Yambani ndi tsache

Sesani bwalo lonse, muzule udzu umene wamera m'ming'alu, mutokose dothi ndi msomali. Mng'alu wodzaza dothi umanamiza, umaoneka waung'ono pamene uli waukulu. Mukatero jambulani bwalolo m'kope, ngakhale mokhotakhota, ndipo mng'alu uliwonse muupatse nambala. Nambala yomweyo muilembenso ndi choko pansi pomwepo, kuti mawa musasokoneze.

Tsopano isiyanitseni. Apa mpamene pagona ndalama, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi chomatira chake ndi mtengo wake.

Pali timing'alu tating'onoting'ono, toti ngakhale khadi la ku banki silingalowe. Kawirikawiri timabwera simenti ikauma mothamanga tsiku limene ankathira. Timeneti musatiwerengere ndalama zapadera. Simenti yamadzimadzi yopaka ndi bulashi ikwanira, kapena kungotisiya.

Pali ming'alu yakufa, imene inang'ambika kalekale n'kusiya kukula. Iyi imamatika ndi simenti yosakaniza ndi mchenga.

Ndiye pali yamoyo, imene imatseguka ndi kutsekeka malinga ndi nyengo. Konkire amafutukuka kukatentha, n'kubwerera kukazizira, ndipo kuyenda kumeneku kumathera pamng'alu. Mizere yowongoka imene womanga anasiya dala pakati pa zigawo za konkire, komanso mpata wa pamene khonde lakumana ndi khoma, zonsezi ziwerengeni ngati zamoyo. Mukathiramo simenti, chaka chisanathe idzang'ambikanso pomwepo kapena pambali pake. Zimafuna chomatira chofewa, chimene chikauma chimatamuka.

Mng'alu wokhotakhota simungaudziwe ndi maso ngati uli wamoyo kapena wakufa. Uyeseni. Pakani kachigamba kopyapyala ka simenti kodutsa pamng'alupo, malo awiri kapena atatu, lembani tsiku pambali, ndipo mudikire masabata atatu kapena anayi. Kachigambako kakang'ambika, mng'aluwo ukuyenda. Inu a ku Chikwawa, Nsanje, kuchigwa cha Phalombe ndi onse amene anamanga pafupi ndi dambo, kumene kuli dothi lamakande, musavutike n'kuyesa. Makande amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo chilichonse chokhala pamwamba pake chimayenda nawo.

Mtundu womaliza si mng'alunso ayi, ndi malo owonongeka. Mudzawadziwa ndi ming'alu yambirimbiri yolukanalukana, kapena mbali imodzi itatsika kuposa inzake. Gogodani ndi hamala mukuyenda pang'onopang'ono. Pamene pansi pali polimba pamamveka mouma, koma pamene dothi linathawa pamalira ngati ng'oma. Zungulizani malo oterowo ndi choko. Ameneyo ndi woswa n'kuthira watsopano, kumata n'kungodzinamiza.

Musanachoke pamalo owonongekawo, fufuzani chimene chinawawononga. Mizu ya mango, malaina kapena bulugama? Chiswe? Paipi ya madzi yodontha pansi? Madzi a padenga ogwera malo amodzi? Mtengo wothana ndi chimenecho, kaya ndi kudula muzu, kukonza paipi kapena kukumba kangalande, ukhale mzere woyamba pamndandanda wanu. Ndipo ngati mng'alu wachoka pansi n'kukwera khoma la nyumba, zitseko n'kuyamba kuvuta kutseka, ikani kope pansi muitane injiniya. Imeneyo ndi nkhani ya maziko.

Kuyeza

Kutalika muyeze ndi chingwe. Chigonekeni motsatira mng'alu m'makhotamakhota ake onse, kenaka muyeze chingwecho pa tepi. Mukangokoka tepi kuchokera uku kukafika uko, mupeza nambala yochepa.

Kukula kwa mpata muyeze malo atatu kapena anayi pamng'alu umodzi, n'kutenga nambala yapakati. Ngati mulibe lula, mtengo wa machesi ndi pafupifupi mamilimita 2, pensulo mamilimita 7, ndipo chala chamkombaphala cha munthu wamkulu chimakhala pakati pa 15 ndi 20. Kuya muyeze ndi sipoko ya njinga: ilowetseni mpaka itagunda, gwirani ndi chikhadabo pamene yathera, muyike pa tepi.

Koma mvetsani ichi, chifukwa ambiri amaphonya pano. Manambala olowa mu samu si a mng'alu m'mene mwaupezera, koma a kangalande kamene mudzaseme. Mng'alu sumatidwa uli momwemo. Umayamba wakulitsidwa ndi tchizulo kapena galayinda, kuti zofumbutuka za m'mphepete zichoke ndiponso chomatira chipeze pogwira. Mng'alu wa mamilimita 4 wofuna chomatira chofewa mudzautsegula kufika pa 6 kapena 8. Wakufa wa mamilimita 10 wofuna simenti mudzausema kufika pa 25 kapena 30, chifukwa simenti yopyapyala simakhalitsa, imasweka n'kutuluka. Ndiye m'kope mwanu, pambali pa nambala ya mng'alu uliwonse, lembani kutalika, kukula kumene mudzaseme, ndi kuya kumene mudzathire.

Samu yake ndi imodzi yokha:

kutalika m'mamita × kukula m'mamilimita × kuya m'mamilimita = mamililita

Mamililita 1,000 ndi lita imodzi. Mita imodzi ya kangalande kokula mamilimita 10, kozama mamilimita 10, imadya mamililita 100. Pa malo oswa n'kuthira, chulukitsani mulitali ndi mulifupi m'mamita, kenaka muchulukitse ndi kuchindikala kwa konkire m'mamilimita. Yankho lake limatuluka m'malita.

Kuti zioneke bwino, tiyerekeze bwalo la konkire lokula masikweya mita 40. Mwayeza n'kupeza ming'alu yamoyo yokwana mamita 18, yakufa mamita 25, ndi malo amodzi owonongeka a mita imodzi ndi theka mulifupi, mamita 2 mulitali.

Chomatira chofewa

Ku hadiweya chomatira chofewachi amachitcha sealant, ndiye funsani sealant ya polyurethane. Dzina lodziwika kwambiri ndi Sikaflex, koma ilipo ya makampani ena. Imabwera m'machubu a mamililita 300 kapena pafupi ndi pamenepo, ndiponso m'mapaketi aatali ofewa a mamililita 600, amene amafuna mfuti yakeyake yofinyira. Werengani nambala imene yalembedwa pachubu, chifukwa ena amakhala a 280 kapena 310. Wogulitsa akakupatsani silicone ya kubafa ija yonunkha viniga, ikaneni ngakhale ili yotchipa. Simagwira bwino pa konkire, ndipo matayala amaizula.

Pa chitsanzo chathu, mamita 18 aja mwawatsegula mamilimita 8 ndipo mudzathira kuya kwa mamilimita 8. Ndiye 18 × 8 × 8 = 1,152. Onjezerani 15 pa 100 aliwonse, ya zotayika, zotsalira m'chubu ndi malo amene galayinda idzapyola muyeso. Zikufika pa mamililita 1,325. Gawani ndi 300, mupeza 4.4, kutanthauza machubu 5. Nthawi zonse kwezani m'mwamba, theka la chubu saligulitsa.

Taonani chimene chingachitike mukangofinyira osatseka pansi. Konkire akakhala wochindikala mamilimita 75, mng'alu n'kukhala utapyoza mpaka kudothi, samu imakhala 18 × 8 × 75 = 10,800, amene ndi machubu 36. Asanu ndi 36, pa mng'alu womwewo. Ndipo kuthira mozama sikulimbitsa kanthu, kumangochititsa kuti chomatiracho chilephere kutamuka n'kuyamba kung'ambuka m'mbali. Pa mipata yaing'ono, mpaka mamilimita 10 kapena 12, kuya kukhale kofanana ndi kukula. Mpata ukakula kuposa apo, kuya kumachepera kukula. Onani zimene wopanga walemba pachubu.

Chotsekera pansicho ndi chingwe cha siponji chotchedwa backer rod. Chimagulitsidwa pa mita, ndipo mugule chonenepa pang'ono kuposa mpatawo, monga cha mamilimita 10 pa mpata wa 8, kuti chilowe mothina. Lembani mamita 20 pa mamita 18 aja. Chikasowa, thirani mchenga wosefa, wouma bwino, mpaka patatsala mamilimita 8 kuti mufike pamwamba. Zina zoti mulembe apa ndi mfuti yofinyira ngati mulibe kobwereka, ndi tepi yomata yoika mbali zonse ziwiri za mpata kuti mzere utuluke wowongoka. Tepiyo ndi kuwirikiza kawiri kutalika kwa mng'alu, mamita 36.

Musanalipire, yang'anani deti pachubu. Polyurethane imauma yokha ikakhalitsa pashelefu, ndipo m'mashopu momwe katunduyu sayenda msanga mungagule mwala.

Simenti ndi mchenga

Ming'alu yakufa ija, mamita 25, mwaisema mamilimita 30 m'mbali ndi 40 kupita pansi. 25 × 30 × 40 = 30,000, ndiwo malita 30. Apa onjezerani 20 pa 100, chifukwa tchizulo sichiyenda mowongoka ndipo matope amatayika ambiri. Malita 36.

Muyeso wake ndi gawo limodzi la simenti pa magawo atatu a mchenga. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi simenti yokwana malita pafupifupi 33 mpaka 35. Mukalisakaniza ndi mchenga wochuluka katatu, womwe ndi wilibala imodzi ndi theka, limatulutsa matope okwana malita pafupifupi 100. Musadabwe kuti sanafike 140: simenti imalowa m'mipata ya mchenga, ndipo madzi akalowa zonse zimakhazikika. Choncho malita 36 akufuna gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba, ndi ndowa ziwiri za malita 20 za mchenga. Mamita 25 onsewo, thumba silinathe. Ndi chifukwa chake mawu oti "matumba asanu" muyenera kuwafunsa kuti achokera pati.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wosefa, wopanda dothi. Ufumbateni wonyowa: ukadetsa dzanja n'kuumbika, muli dothi lambiri, ndipo matope ake adzang'ambika pouma. Kuti chatsopano chigwirane ndi chakale, kangalandeko kamatsukidwa, kunyowetsedwa, n'kupakidwa simenti yamadzimadzi, matope n'kuthiridwa isanaume. Amene ndalama zikuwalola amaonjezera mankhwala omatira otchedwa SBR, amene amathiridwa m'madzi osakanizira. Amathandizadi, makamaka podutsa galimoto, koma kagulidwe kake nkoti pa ntchito yaing'ono chonchi tengani kabotolo kakang'ono kamene kalipo, osati chigubu cha malita 20.

Malo owonongeka aja ndiwo amadya simenti. Mita imodzi ndi theka kuchulukitsa ndi mamita 2 ndi masikweya mita 3. Podutsa galimoto konkire asachepere mamilimita 100. Ndiye 3 × 100 = malita 300. Konkire wa muyeso wa 1:2:4, kutanthauza simenti imodzi, mchenga iwiri, miyala ya kwale inayi, amadya matumba 6 ndi theka pa malita 1,000 aliwonse. Pa malita 300 ndi matumba awiri. Amisiri amawerengera kuti matumba awiri amadzaza wilibala imodzi yomangira, choncho mchenga ndi mawilibala awiri, kwale mawilibala anayi. Ikaninso wilibala imodzi kapena ziwiri za dothi lagalavulo lokwirira mphako ya pansi ija, lomwe liyenera kusinjidwa mpaka litalimba. Zidutswa za konkire wakaleyo musataye, ziphwanyeni zilowe pansi pomwepo.

Zonse pamodzi simenti ndi matumba atatu, ndipo yotsala pa thumba lachitatu ikwanira yopaka ija ndi timing'alu tating'ono. Pathumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, nambala yosonyeza mphamvu ya simentiyo. Pakhonde ndi poyenda anthu 32.5 ndi yokwanira, koma polowa lole kapena pikapu yolemera ndi bwino 42.5. Kaya ndi ya Shayona, ya Njereza kapena Dangote yochokera ku Zambia, chofunika kwambiri n'chakuti ikhale yatsopano. Lipapaseni thumbalo. Mukamva zibuma zolimba, lisiyeni. Simenti imayamba kutha mphamvu ikakhala miyezi yoposa itatu, makamaka pachinyezi, ndiye musagule yambiri poganiza zosunga.

Bwalo la mapeva, tinjerwa ta simenti toyala pansi, nkhani yake ndi yaifupi. Mipata ya pakati pa mapeva imadzazidwa ndi mchenga wosefa wouma, wosesera ndi tsache, osati simenti. Amene atitimira amazulidwa, pansi n'kukonzedwa, n'kubwezeredwa omwewo. Muwerengere mchenga ndi osweka okha.

Likakhala bwalo la phula

Matchalitchi, sukulu, malo ogona alendo ndi nyumba zina zili ndi poimika magalimoto pa phula. Samu ndi yomwe ija, koma zothira ndi zina. Simenti m'ming'alu ya phula ayi: phula ndi lofewa, simenti ndi youma, sizikhalira limodzi.

Chimene munthu angathire yekha ndi phula lamadzi losafuna moto, lotchedwa bitumen emulsion. Limapezeka m'zigubu za malita 20 ndi m'migolo ya malita 200. Mtundu wofala, SS60, uli ndi phula magawo 60 pa 100, otsalawo ndi madzi. Madziwo akauma, zimene munathira zimatsika, ndipo mumayenera kubwereza kachiwiri, mwina kachitatu. Powerengera, yankho la samu lichulukitseni ndi 1.7. Mwachitsanzo, ming'alu ya mamita 60, yokula mamilimita 6, yozama 20, ikupereka 60 × 6 × 20 = 7,200, malita 7.2. Kuchulukitsa ndi 1.7 ndi malita 12 ndi pang'ono. Kuphatikiza lopaka m'mphepete ndi lotayika, chigubu chimodzi cha malita 20 chikwana. Onjezerani ndowa ziwiri za mchenga wosefa wowaza pamwamba, kuti phulalo lisamatirire kumatayala ndi kunsapato. Mng'alu ukakula moti chala n'kulowa, sakanizani phulalo ndi mchenga likhale phala, apo ayi lidzangomira.

Maenje amafuna phula losakaniza kale ndi timiyala, lozizira, limene limagulitsidwa m'matumba, kawirikawiri a makilogalamu 25. Likasinjidwa, lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 2.3. Dzenje la theka la sikweya mita, lozama mamilimita 50, ndi malita 25, omwe ndi makilogalamu 58, matumba atatu. Yezani dzenjelo m'mene lidzakhalire mutalidula m'mbali mowongoka mpaka pa phula lolimba, osati m'mene likuonekera lero.

Phula lotentha losakaniza ndi labala limakhalitsa kuposa lamadzi, koma limafuna makina osungunulira. Limenelo ndi la kontilakitala, ndipo inu ntchito yanu ndi kumupatsa mamita amene mwayeza kuti akutchulireni mtengo pa mita. Zosungunula phula mumgolo pamoto wa nkhuni zisiyeni, kadontho ka madzi kakagweramo limathovoka n'kuwotcha anthu. Ndipo zonsezi ndi za mkati mwa mpanda wanu. Msewu wa kunja kwa geti ndi wa khonsolo kapena Roads Authority, kumeneko mumakanena, simumata nokha.

Tsopano ndalama

Tsegulani tsamba latsopano, mulembe mizere itatu yotsika: chinthu, kuchuluka kwake, mtengo. Kuchuluka lembani ndi bolopeni, mtengo ndi pensulo. Mamita ndi malita sasintha, koma kwacha imasintha. Pamene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mahadiweya inasintha m'masiku ochepa, ndipo zoyamba kukwera zinali zochokera kunja. Sealant, SBR ndi phula zili m'gulu limenelo.

Pa chitsanzo cha bwalo la konkire lija, mndandanda wa zogula ukuoneka chonchi: machubu 5 a sealant, chingwe cha siponji mamita 20, tepi yomata mamita 36, simenti matumba 3, mchenga mawilibala 3, kwale mawilibala 4, galavulo mawilibala 2, kabotolo ka SBR. Funsani mitengo m'mashopu atatu tsiku limodzi, ngakhale pa WhatsApp, ndipo pa uliwonse mufunse zinthu ziwiri: ngati VAT ili momwemo, ndi kuti mtengowo ukhala masiku angati. Poyerekeza chubu ndi paketi ya mamililita 600, gawani mtengo ndi mamililita kuti muone chotchipa chenicheni, osaiwala kuti paketiyo ikufuna mfuti ina.

Mukaphatikiza mudzaona kuti zothira m'ming'alu si ndizo zonse. Zimene zimaiwalika ndi izi, ndipo nthawi zambiri zimafanana kapena kuposa mtengo wa zothirazo.

Zida. Tchizulo, hamala, bulashi yawaya, mpeni womangira, fosholo ndi wilibala mwina muli nazo kapena mmisiri abwera nazo, koma funsani, musangoganiza. Galayinda imabwerekedwa pa tsiku, ndipo disiki yodulira konkire nthawi zambiri amagula ndi mwini ntchito. Magetsi akathima tsiku limenelo, mwalipira galayinda yongokhala, kapena mulowa zobwereka jenereta ndi kugula petulo. Magalasi oteteza maso, masiki ndi magolovesi zilembeni, si zamanyado. Fumbi la konkire wodulidwa limawononga mapapo, ndipo simenti yonyowa imadya khungu.

Thiransipoti. Matumba atatu ndi machubu asanu zimakwera kabaza kapena kapikapu ulendo umodzi, ngati mwagula zonse tsiku limodzi. Mukaiwala kanthu kamodzi, mwalipira ulendo wachiwiri. Mchenga ndi kwale musaitanitse tipa yathunthu pa mawilibala atatu anayi. Ogulitsa m'mphepete mwa msewu amayeza pa wilibala, ndipo mtengo wokufikitsirani pakhomo mugwirizane musanakweze.

Madzi. Osakanizira ndi ochepa, ndowa imodzi ya malita 20 kapena kupitirira pang'ono pa thumba. Ambiri ndi othirira. Simenti yatsopano iyenera kukhala yonyowa masiku 7, ndipo mu Sepitembala imauma msanga. Ngati mumagula madzi pa kiyosiki kapena mumatuma munthu kumjigo, iwerengereni. Kuphimba ndi masaka onyowa kapena mchenga kumachepetsa madzi ofunika.

Antchito. Apa pali kanthu kamene kamasintha mtengo. Simenti imafuna pansi ponyowa, pamene sealant imafuna pouma gwa ndi popanda fumbi. Sizingachitike tsiku limodzi. Muyamba n'kusema zonse, kuthira konkire ndi matope, kuthirira sabata yathunthu, kudikira paume, kenaka sealant. Mpata umene wakhudzana ndi konkire watsopano umadikira masiku 28. Mmisiri abwera kawiri, mwina katatu, ndipo mugwirizane zimenezi poyamba pomwe kuti asadzati ulendo wachiwiriwo ndi ntchito ina.

Kusema ndi kuswa ndi ntchito ya waganyu wamphamvu, sikulira mmisiri. Mmisiri muzimulipira pa kuthira, kusalaza ndi kufinya sealant. Ine ndimakonda mtengo wa ntchito yonse kapena wa pa mita kuposa wa pa tsiku, chifukwa wa pa tsiku umatalikitsa ntchito. Ngati simukudziwa kuti zitenga masiku angati, uzani waganyuyo aseme mamita 5 oyamba inu mukuyang'ana wotchi, kenaka muchulukitse. Konkire wina ndi wofewa, wina amabweza tchizulo, ndiye nambala ya pabwalo la mnzanu singakuthandizeni. Nsima ya masana ya antchito ilembeninso ngati kwanuko ndi mwambo, ndi ndalama ndithu.

Mukaphatikiza zonse, onjezerani 10 kapena 15 pa 100 aliwonse ya zadzidzidzi. Iyi ndi yosiyana ndi ija munaonjezera pa zotayika. Ndi ya zimene zimaoneka mukayamba kuswa: mphako yopitirira pamene munazunguliza choko, paipi yoboola, muzu wina. Ngati zonse zakwana K400,000, nambala yongoyerekezera iyi, musayambe ntchito musanakhale ndi K440,000 kapena K460,000. Ntchito yoima pakati, ming'alu itasemedwa kale n'kusiyidwa yotseguka, ndi yoipa kuposa yosayamba.

Pomaliza pa masamuwa, yerekezani ndi kuthira bwalo lonse mwatsopano. Masikweya mita 40 pa mamilimita 100 ndi malita 4,000, omwe ndi matumba 26, mawilibala 26 a mchenga ndi 52 a kwale, osawerengera kuswa ndi kutaya zakale. Poyerekeza ndi matumba atatu ndi machubu asanu, kumata kwapambana kutali. Koma choko chikazungulira gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo kapena kupitirira, ine ndingamate ming'alu ikuluikulu yokha kuti madzi asalowe chaka chino, n'kuyamba kusunga ndalama zothira lonse.

Mmisiri akabweretsa koteshoni yake, ikani kope lanu pambali pake. Musamutsutse ndi ukali, ingomufunsani mwaulemu kuti, "Amisiri, matumba asanuwa alowa pati ndi pati?" Wodziwa ntchito adzakuonetsani, ndipo mwina waona china chimene inu simunachione, monga konkire wochindikala kuposa m'mene mumaganizira. Zipangizo gulani nokha kapena mupite naye limodzi. Ndalama ya ntchito muigawe patatu: pang'ono poyamba, ina akamaliza kuthira, ndipo yotsala mupereke patatha masiku 7 othirira aja, sealant nayonso itathiridwa n'kuuma, mutagogoda zigamba zonse ndi hamala n'kumva kuti zagwira, ndiponso mutakanikiza sealant ndi chala n'kuona kuti sikusiyana ndi konkire m'mbali mwake.